Iwe Bizwiki, Ubwere Utasamba

Mukadzafika pa Lirangwe n'kumva amayi ogulitsa tomato akuitana mtsikana wina kuti "Anaiwe", musavutike kufunsa kuti mfunda umenewo ngwakuti. Si wa Chilomwe, si wa Chiyao, si wa Chingoni. Ndi wanga ndekha. Ndinaupeza ndi thukuta langa ndili Fomu 3, ndipo anandiveka ndi makolo a sukulu yonse, masana dzuwa likuswa mtengo. Amayi anga mpaka lero akaumva amatsinzina ngati amwa mankhwala owawa.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ine si mwana wofatsa. Chule amene anapezeka m'chikwama cha pulifekiti sanalowemo yekha. Belu lomwe linalira nthawi isanakwane tsiku la mayeso a Jogalafe silinadziimbe lokha. Ndipo makalata oitanira makolo ku msonkhano, amene a hedi ankatipatsa temu iliyonse kuti tikapereke kunyumba, ndine ndinaphunzitsa anzanga kuwapinda kukhala ndege. Ife takulira pansi pa ndege zotera ku Chileka, ndiye mumati tipinde chiyani, ngolo? Tinkapikisana kuziponya m'holo, wopambana ndi amene ndege yake yakakamira pa mitanda ya denga. (Zanga zinalipo zambiri kumeneko. Sindikudzitama, ndikungonena.)

Ndiye misonkhano ya makolo pasukulu pathu inkakhala ya anthu asanu ndi mbuzi yodutsa. A hedi, mayi wamtali wa magalasi amene sindinaonepo mano awo, ankati makolo a kuno ndi amphwayi. Makolo nawonso ankati sukulu imeneyi ndi yodzikonda, siitana anthu. Ife apakati tinkangokhala chete.

Kalabu ya makompyuta anaiyambitsa ndi a Makwinja, mphunzitsi wathu wa masamu, wachinyamata ndithu, amene ankabwera kuchokera ku Chileka pa njinga yamoto yolira ngati chigayo. Makompyuta analipo asanu, ogwira ntchito atatu. Ine ndinalowa kalabuyo chifukwa Lachitatu masana wopanda kalabu ankapatsidwa chikwakwa. Koma (izi musakauze munthu) patatha temu imodzi ndinali nditakonda chipinda chimene chija kuposa nyumba yathu. Ndi malo okhawo pasukulu pomwe ndinkalakwitsa chinthu, chinthucho n'kundiuza modekha kuti ndalakwitsa pa mzere wakutiwakuti, popanda kundigwaditsa padzuwa.

Tsiku lina a hedi anabwera kudzayeza chipindacho ndi maso.

"A Makwinja, chipinda chino ndikuchifuna. Madesiki othyoka alibe kokhala."

"Madamu, tipatseni temu ino yokha. Tikupanga tsamba la pa kompyuta. Inu muzingolemba tsiku ndi nthawi ya msonkhano, n'kudina batani, mameseji n'kupita pa mafoni a makolo onse. Osadzeranso m'manja mwa ana."

Potchula "ana" anandiyang'ana ine. Sindikudziwa chifukwa chake.

"Chabwino," anatero a hedi. "Mukandidzazira holo ndi makolo, chipinda n'chanu. Mukalephera, makompyuta anuwa alowa m'makatoni."

Ntchito inayambika. A Makwinja anatiuza kuti mnzawo wa ku koleji watipatsa laibulale. Ine ndinayembekezera galimoto ya mabuku, koma laibulaleyo inabwera pa fulashi, m'thumba la malaya. Anatifotokozera kuti ndi kapulogalamu kopangidwa kale, komangidwa mtolo umodzi, kodziwa kutumiza mameseji. Ife ntchito yathu inali kungokalumikiza ku tsamba lathu. Mawu a mesejiwo sitinkawalemba m'pulogalamu yathu ayi. Laibulaleyo inkawawerenga m'fayilo ina yapadera yotchedwa mauthenga.properties, momwe munalembedwa moni wake, dzina loti itchule, ndi mawu otsanzikira.

"Nanga fayiloyo imaipeza bwanji?" anafunsa Tadala, mnzanga wapamtima, mtsikana amene amalemba ngakhale chifuwa cha aphunzitsi m'kope.

"Imatsata classpath."

Ndinakweza mkono. "Aphunzitsi, kanjira kopita ku kalasi kaja? Kodutsa kuseri kwa zimbudzi?"

Anyamata anaseka. A Makwinja anapumira m'mwamba n'kutenga choko.

"Taganizani wakabaza. Mwamutuma kuti pita ukatenge a Phiri. Mwamuuza masiteji oti aimepo, motsatana: ayambe pa chigayo, kenako pa msika, kenako pa tchalitchi. Mndandanda wa masiteji umenewo ndiye classpath. Tsono wakabaza wathuyu safunsa zambiri. Akafika pa chigayo n'kupeza munthu wodzitcha a Phiri, wakweza, watembenuka. Kaya a Phiri enieni aima pa msika atavala suti, iye safikako."

Anajambula mabokosi awiri pa bolodi. Siteji yoyamba ya tsamba lathu inali foda yotchedwa classes. Yachiwiri inali foda yotchedwa lib, momwe munkakhala mtolo wa laibulale uja, ndipo m'kati mwa mtolowo munali kale mauthenga.properties ya mawu aulemu.

"Choncho mukafuna kusintha mawu," anapitiriza, "musamasule mtolo wa mwini wake. Ingolembani fayilo yanu ya dzina lomwelo, ikakhale pa siteji yoyamba. Laibulale ikweza yanuyo, ya m'mtolo osaiona n'komwe."

"Ngakhale ikhale yolembedwa ndi aliyense?" ndinafunsa.

"Ndi aliyense. Iyo imangoona dzina."

Aphunzitsi ena akamaphunzitsa saganizira kuti mpeni akuupereka m'manja mwa ndani.

Meseji ya m'mtolo ija inali yaulemu mpaka kugwada yokha. Inkati: "Muli bwanji a Uje? Tikukupemphani modzichepetsa kuti mudzapezeke pa msonkhano wa makolo tsiku lakuti, nthawi yakuti. Zikomo kwambiri. A hedi." Pa "Uje" inkayikapo dzina la bambo, lomwe munthu wamkulu amadziwika nalo.

Lachitatu lomaliza loyesera, a Makwinja anaitanidwa ku ofesi. Pa nthawi yoyesera mameseji onse ankapita pa foni imodzi yokha, kafoni kamabatani ka Tadala. Tadalayo amakhala cha ku Mdeka, amapalasa njinga m'mawa uliwonse, amafika mochedwa, thukuta lili kamukamu. Ndinamuyang'ana iye, ndinayang'ana mabokosi awiri aja pa bolodi, zala zinayamba kundiyabwa. Ndinatsegula fayilo yatsopano, dzina lomwelo. Pa moni ndinachotsa "Muli bwanji a" n'kulemba "Iwe". Pa dzina ndinaiuza kuti izitchula loyamba, lija la ku ubwana. Mathero ndinawakometsa ndekha. Ndinamanga pulogalamu (ndiko kuuza kompyuta iphatikize mafayilo onse kuti agwire ntchito), n'kudina.

Foni ya Tadala inalira. Anawerenga mokweza, mwa chizolowezi chake:

"Iwe Tadala, ubwere ku msonkhano Lachiwiri 2 koloko. Usachedwe ngati nthawi zonse. Ubwere utasamba. Ndine a hedi."

Anaima kakasi. "Kompyuta ikunditukwana!"

Abale, ndinaseka mpaka kugwa pa mpando. Atazindikira, anandithamangitsa kuzungulira matebulo ndi dasitala. Titamva nsapato za a Makwinja pakhonde, ndinathamangira pa kompyuta n'kufufuta fayilo yanga ija. Nkhani yatha, ndinatero mumtima.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti ukamanga pulogalamu, kompyuta imakopera fayilo yako kuchoka m'foda yomwe umalemberamo n'kukaika ina yofanana nayo pa siteji yoyamba paja. Ukafufuta yako, yokoperayo siichotsa. Ine ndinathamangitsa a Phiri abodza kunyumba kwawo, pomwe mapasa awo anali ataima kale pa chigayo, chikwama m'manja, kudikira kabaza.

A Makwinja atalowa analetsa kuyeseranso. "Zinatheka kale sabata yatha. Mameseji otsalawa ndi a makolo." Kenako anandifunsa za gawo langa. Ine ndinapatsidwa ntchito yopanga katsamba koonetsa meseji yonse a hedi asanadine batani, kuti aziona chomwe akutumiza.

"Chatsala pang'ono, aphunzitsi."

Chinali chitatsala chonse.

Lachinayi a Makwinja anamanga zonse pamodzi n'kuziika pa seva, kompyuta yakale ya pakona yomwe tinaimata pepala lakuti OSAZIMITSA. Lachisanu titaweruka, a hedi anabwera, analemba tsiku ndi nthawi ndi chala chimodzi, n'kudina. Tsamba linayankha kuti "Zatumizidwa". Tinawomba m'manja. Ine ndinawomba kwambiri kuposa onse.

Amayi anga amasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Lirangwe, ndiye poweruka ndimadzera pamenepo. Ndisanafike n'komwe ndinaona kuti msika suli bwino. Anthu anaunjikana magulumagulu, aliyense foni m'manja. Wogulitsa kanyenya anasiya nyama ikupserera. Amayi ndinawapeza makina ataima, foni ataitalikitsa ndi nkhope ngati ikununkha.

"Tabwera kuno. Tawerenga ichi, mwina maso angawa."

Ndinawerenga. "Iwe Estere, ubwere ku msonkhano Lachiwiri 2 koloko. Usachedwe ngati nthawi zonse. Ubwere utasamba. Ndine a hedi."

Estere. Dzina limenelo ngakhale bambo anga salitchula. Ineyo ndinalidziwira pa khadi la ku sikelo.

"Iwe? Ine iwe?" Amayi anadziguguda pachifuwa. "Hedi ameneyu anandisambitsapo? Anandigulirapo sopo? Ine ndili ndi ana anayi!"

"Mwina ndi netiweki, amayi."

"Netiweki imadziwa kuti ndine Estere?"

Koma amene anapsa kwambiri anali a Matiki, wapampando wa komiti ya makolo. Bambo amenewa amagwira ntchito ku bwalo la ndege, ndipo akadutsa pamsewu pafyumu wawo amatsala akupereka moni kwa mphindi zisanu. Malaya awo mukhoza kudulira tomato pa mzere wa simbi. Anatsika minibasi akuchokera kuntchito, anafika pakati pa msika, n'kuyamba kuonetsa aliyense foni yawo kuti aone chipongwe. M'kukwiya kwawo sanaganize kuti akuulula chinsinsi chomwe anachisunga moyo wawo wonse.

"Iwe Bizwiki," anawerenga mnyamata wogulitsa mayunitsi. "Kodi a tcheya, paja ndinu a Bizwiki?"

Ndinalowa kuseri kwa sitolo n'kuluma mpango. Inde, ndinali ndi mantha. Koma Bizwiki, abale!

Munthu wanzeru akanapita kwa a Makwinja tsiku lomwelo. Ine ndinaganiza zokonza ndekha mwakachetechete. Loweruka m'mawa ndinabisa foni ya amayi m'thumba, ndinauza alonda a pasukulu kuti ndaiwala kope m'chipinda cha makompyuta, anandipatsa kiyi. Ndinafufuza pa seva foda ndi foda mpaka ndinaipeza, ili phee pa siteji yoyamba ngati mwana wosalakwa. Ndinaifufuta. Ndinayang'ananso, kulibe. Ndinamasula mtolo wa laibulale, fayilo yaulemu ija ili bwinobwino.

Apa m'pamene nzeru zinandichulukira. Ndinati ndikatumizanso meseji, ipita yaulemu, anthu aziti yoyamba ija inali ngozi chabe. Pasiwedi ya a hedi inali pa kapepala pansi pa kiyibodi, pomwe akuluakulu onse amabisa zinsinsi zawo. Ndinalemba tsiku ndi nthawi. Ndinapemphera pang'ono. Ndinadina.

Foni ya amayi inanjenjemera m'thumba. Ndinaitulutsa ndikumwetulira.

"Iwe Estere, ubwere ku msonkhano Lachiwiri 2 koloko. Usachedwe ngati nthawi zonse. Ubwere utasamba. Ndine a hedi."

Kachiwiri. Kwa makolo onse. Loweruka m'mawa, ena ali m'bafa momwemo.

Chifukwa chake ndinachizindikira meseji itapita kale. Laibulale imawerenga fayilo ija kamodzi kokha, seva ikangodzuka, kenako mawuwo imawasunga m'mutu. Wakabaza anali atakweza kale a Phiri abodza, ndiye kugwetsa siteji sikukanawatsitsa. Pankafunika kuzimitsa seva n'kuiyatsanso. Ndipo apa m'pamene ndimadandaula mpaka lero: magetsi a kwathu kuno amazima tsiku lililonse, nthawi zina kawiri. Akanangothima kamphindi, seva ikanadzuka ndi mutu watsopano. Koma kuyambira Lachinayi lija mpaka Loweruka sanaphethire ngakhale kamodzi. Ndinayang'ana babu, lili ngwee, kundiseka.

Lamulungu kutchalitchi nkhani inali yomweyo. Bambo wina anafika mochedwa, mpingo wonse unatembenuka, wina kumbuyo n'kunong'ona kuti "ngati nthawi zonse". Nyimbo inasokonekera.

Lolemba kuseka kunandithera. A Makwinja anatiitana tonse a kalabu. Maso anali ofiira, tayi palibe. Pakona panali makatoni atatu opinda.

"Ndafufuza paliponse," anatero. "Fayilo ya m'mtolo ndi yaulemu. Pa siteji yoyamba palibe kanthu. Mawu amene aja sakupezeka pena paliponse pa kompyuta iyi." (Akanapezeka bwanji ine nditasesa?) "A hedi akuti ngati kompyuta ilibe mawuwo, ndiye kuti ndinalemba ndine, dala. Ndipo akuti kachiwirika ndinatumiza pofuna kuwaonetsa kuti sindiwaopa. Mawa ndikapepesa kwa makolo. Inu mudzandithandize kulongedza."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangogwira pepala lija la OSAZIMITSA n'kuliwongola pomwe linapindika.

Titatuluka Tadala anandikokera kuseri kwa thanki ya madzi.

"Mawu aja ndi ako. Ndinali woyamba kuuzidwa kuti ndisambe."

"Ukanasamba bwenzi zonsezi kulibe."

"Usandiseketse, aise. Ukapanda kunena iwe, ndinena ine."

"Ndinena ndekha. Iwe ukaiwononga nkhaniyi, sudziwa kufotokoza."

Mukuganiza kuti ndinabwerera pomwepo kukaulula? Ayi ndithu. Ndinapita kunyumba, ndinatsuka mbale osatumidwa, mpaka amayi anandigwira pachipumi kuona ngati ndikudwala.

Msonkhano unali wa 2 koloko. Pofika 12 holo inali itadzaza. Mabenchi anatha, tinatuta mipando ya m'makalasi, ena anaima m'mawindo. Kunabwera makolo omwe sitinkadziwa kuti ali moyo. Kunabwera agogo, amalume, ngakhale anthu opanda mwana pasukulupo amene anangomva kuti kuli nkhani. Ndipo kusamba kwake! Holo yonse inkanunkhira sopo ndi mafuta odzola. Zipumi zinkawala. Aliyense anafuna kuti a hedi aone ndi maso awo. Bambo wina wa kumunda analowa thawulo lili paphewa, anayenda mpaka kutsogolo, n'kuyika sopo pa tebulo la a hedi.

"Kwathu mjigo unafa, Madamu. Mutionetse bafa."

Ife ophunzira tinali panja, kusuzumira pakhomo. A Matiki anaimirira, suti yakuda, kampango m'thumba.

"Ine ndagwirapo chanza anthu otsika ndege ochokera maiko akutali. Palibe ananditchulapo iwe. Lero nditchulidwe iwe ndi sukulu yomwe ndinaithandiza kuumba njerwa? Kawiri? Tikufuna timuone amene analemba."

"Auzeni, a Bizwiki!" anakuwa wina kumbuyo. Holo inagwedezeka. A Matiki anachita ngati sanamve.

A hedi anatembenukira kwa a Makwinja. A Makwinja anaimirira pang'onopang'ono, manja kumbuyo ngati mwana wa Fomu 1, n'kuyamba kuti, "Makolo anga, ine ndi amene..."

Sindikudziwa kuti miyendo inaganiza liti. Ndinangozindikira ndili pakati pa holo, ndagwada pa simenti.

"Si aphunzitsi. Ndine."

Kenako mawu omwe ndimawadziwa kuyambira ndili m'mimba: "Mayo ine!" Amayi anali pa benchi lachitatu, atavala chitenje chawo cha ku ukwati.

"Mwana angalembere bwanji anthu onsewa?" anafunsa a Matiki. "Musabise mphunzitsi kumbuyo kwa mwana."

Ndiye ndinafotokoza, ndili chogwada. Ndinawauza za Tadala ndi njinga yake. Ndinawauza za wakabaza wotumidwa a Phiri, za chigayo ndi msika, za a Phiri abodza amene ndinawaimika pa siteji yoyamba, za mapasa awo amene anatsalira, ndi za magetsi omwe anakana kuzima. Ndinaona a Makwinja akutsegula pakamwa pang'onopang'ono, kenako n'kudzimenya pachipumi. Munthu anali atapeza yankho la samu yomwe inamusowetsa tulo, ndipo kwa kamphindi anaiwala kuti akuyenera kundikwiyira.

"Ndiye unafufuta osazimitsa seva?" anafunsa.

"Munalemba kuti osazimitsa, aphunzitsi."

Bambo wina wovala jekete yonyezimira ya akabaza anaimirira pawindo. "Mwanayu sakunama. Zinandichitikirapo ine. Ananditumapo a Banda, ndinakweza a Banda ena, ndinakawatsitsa pa maliro a eni ake. Anadya nawo n'kudya."

Anthu anaseka, koma a Matiki anali asanathe. Anati mwana wotere achotsedwe sukulu, ndipo makompyuta ophunzitsa ana mwano atsekeredwe. Ena anavomereza. Ndinaona makatoni aja m'maso mwanga.

Kenako anaimirira bambo wina wachikulire wa ku Mdeka, chipewa m'manja.

"Ine ndatukwanidwa, sindikukana. Koma ana anga atatu adutsa pasukulu pano, ndipo aka n'koyamba kuti uthenga wa sukulu undipeze. Wandipeza kawiri. Ndimati mwina ife akumudzi simutiwerengera."

"Makalata timatumiza temu iliyonse!" anatero a hedi.

"Amapita kuti?" anafunsa bambo wa ku Mdeka uja.

Ophunzira onse amene anali pakhomo ndi m'mawindo, mosapangana, anakweza maso kumwamba. Makolo anatsatira. A hedi anatsatira. Pa mitanda ya denga panali ndege zathu, mizeremizere, zina zachikasu ndi ukalamba, chidindo cha sukulu chikuoneka pa mapiko.

"Zimenezonso ndi iwe?" anafunsa amayi.

"Si zonse, amayi. Zakutsogolozo zokha."

Apa ndiye holo inaphulika. Wina anagwa pa benchi. A Matiki anayesetsa kugwira nkhope, koma mapewa anawapereka. Ndipo ine, poona kuti mphepo yatembenuka, ndinachita chomwe amayi amati ndi chizindikiro chakuti ndinabadwa wopanda mtsempha wa manyazi. Ndinakweza mkono, ndili chogwada.

"Madamu, paja munati holo ikadzaza, chipinda n'chathu."

Khutu langa lamanzere limatenthabe ndikakumbukira, chifukwa amayi anadumpha mabenchi awiri. Koma a Matiki anafunsa ngati a hedi ananenadi mawu amenewo, a hedi anavomera ndi mutu, ndipo a Matiki anatambasula manja kuloza khamu lonse lija.

"Madamu, mawu a munthu wamkulu sabwerera. Holo ndi iyi. Madesiki othyokawo tibwera Loweruka tidzawakhome, tilipo ambiri, ndiponso ndife osamba."

Tsiku limenelo anakambirana zonse zomwe zinadikira zaka: mjigo, mpanda, zimbudzi za atsikana. Chilango changa anagamula ndi makolo eni ake. Ndinagwada pakhomo la holo, ndipo aliyense potuluka ndinkamupatsa moni ndi dzina lake loyenera, manja awiri. "Muyende bwino a Saidi, pepani." "Muyende bwino Anambewe, pepani." Mawondo anachita dzanzi. Omaliza anali a tcheya.

"Muyende bwino a Matiki, pepani."

Anandiyang'ana kuchokera kumwamba, pafyumu akunditsamwitsa.

"Zikomo, Anaiwe."

Amayi ogulitsa tomato anali pafupi. Pofika madzulo dzinalo linali litafika pa siteji ya minibasi.

A Makwinja sanandilankhule sabata ziwiri, kupatula kundipatsa ntchito. Katsamba koonetsa meseji isanapite ndinakamaliza m'masiku atatu (kanali kosavuta, n'zomwe zimandipweteka). Anandilembetsanso mzere wa m'pulogalamu woti seva ikamadzuka izinena poyera kuti fayilo yaitenga pa siteji iti. Pakhoma tinamatapo malamulo awiri: sesani siteji yoyamba musanamange, ndipo mukasintha fayilo dzutsaninso seva. Pepala la OSAZIMITSA analiwonjezera ndi bolopeni: "popanda kufunsa". Makatoni aja tinaikamo ndege zomwe anandikweza pa makwerero kuti nditsitse.

Temu yotsatira tinatumiza meseji yaulemu ija, yogwada yokha. A hedi anaiwerenga katatu asanadine. Inafika kwa aliyense, palibe anadandaula. Pa msonkhano panabwera mabenchi awiri, ndi mbuzi ija.

M'mawa mwake anandiitanitsa ku ofesi. Ndinalowa ndikuwerenga machimo anga a sabata imeneyo kuti ndidziwe loyamba kukana. A hedi anatseka chitseko, anasuzumira pawindo, n'kukhala pansi.

"Fayilo ija," anatero motsitsa mawu, "unaifufutiratu?"

"Kawiri konse, Madamu. Ndinasintha ine. Ndinaphunzirapo kuti akuluakulu ndi ofunika ulemu."

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi mpango, nthawi yaitali. Tsiku limenelo ndinaona mano awo koyamba. Ali ndi kampata pakati.

"Koma mawu ake ukuwakumbukira?"

Ndinawauza kuti mwana wosinthika ngati ine sangakumbukire zinthu zoterozo. Kenako ndinakoka mpando, n'kuwafunsa kuti msonkhano winawo uli liti.